Kaudzu Kukhutu: Moyo wa Achimpanzi ku Chimfunshi

Kaya muli pakhonde, kaya muli m'minibasi, kaya mwakoloweka wailesi panthambi uku khasu lili m'manja, lero tiwoloka malire. Tikwera basi ya ku Chipata, tidutsa Lusaka, tikhotera kumpoto kudera la migodi la Copperbelt mpaka m'tauni ya Chingola. Kuchoka pa Chingola kulowera msewu wa ku Solwezi, mtunda wa makilomita ngati 60, m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue, pali malo otchedwa Chimfunshi. Kumeneko kumakhala achimpanzi oposa 120, ndipo ndi amodzi mwa malo akale komanso aakulu kwambiri pa dziko lonse osungirako nyama zimenezi zikalanditsidwa m'manja mwa anthu.

Tiyambe tagwirizana kaye za nyamayo, chifukwa ambiri tikamva zoterezi timaganiza za nyani uja amatithyolera chimanga kumunda. Si ameneyo. Chimpanzi alibe mchira, ubweya wake ndi wakuda bii, manja ndi aatali kuposa miyendo, ndipo wamphongo wamkulu amalemera makilogalamu 40 mpaka 60, ena kupitirira. Poyenda pansi amapinda zala n'kumatsamira pamfundo zake. Akatswiri a za majini amati mwa zolengedwa zonse, iyeyu ndi msuweni wake bonobo ndiwo ayandikana nafe kwambiri, kufanana kwake kuposa magawo 98 pa 100. Ku Malawi kuno kulibe, m'tchire la Zambia namonso mulibe. Kwawo ndi nkhalango za maiko ngati Congo, Cameroon, Gabon, Guinea, Uganda, ndi kumadzulo kwa Tanzania m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Nanga ku Chingola anakafikako bwanji?

Mu 1983 David ndi Sheila Siddle anali alimi a ng'ombe pafamu yawo ya Chimfunshi, onse awiri atapitirira zaka 50. Tsiku lina mlonda wa nyama zakutchire, aja timati a gemu, anawabweretsera kamwana ka chimpanzi kolandidwa kwa anthu ozembetsa nyama kuchokera ku Zaire, dziko lomwe lero ndi DR Congo, limene malire ake ali pafupi pomwepo. Kamwanako kanali kong'ambika kukamwa, mano ophwanyika, kofooka moti palibe ankayembekeza kuti kadzuka. Mayi Siddle anakalera ngati khanda la munthu, botolo la mkaka usana ndi usiku, mpaka kanachira. Anakatcha Pal. Mbiri inawanda kuti kuli banja limene limalandira achimpanzi, basi ena anayamba kubwera, wina lero, wina mwezi wamawa, famu ya ng'ombe n'kusanduka chinthu china.  Bambo Siddle anamwalira mu 2006, mayiwo mu 2022.

Mawu akuti "wolandidwa" asatidutse msanga. Mayi wa chimpanzi sapereka mwana. Kuti mlenje atenge khanda, ayenera kupha mayiyo, ndipo nthawi zambiri amaphanso akuluakulu ena amene athamangira kudzateteza. Akuluakuluwo amawamba n'kukagulitsa ngati ndiwo. Khandalo lilibe mnofu wokwanira kuwamba, ndiye amaligulitsa lamoyo, kwa wofuna choseweretsa pakhomo, kwa mwini bala, kapena kwa ochititsa zisudzo za nyama kunja. Oteteza zachilengedwe amayerekeza kuti pa khanda limodzi lofika pamsika, achimpanzi mpaka 10 amakhala atafa. Pangano la maiko la CITES limaletsa malonda amenewa, koma ndalama yake ndi yaikulu. Mu September 2022, ku Lubumbashi m'dziko la DR Congo, anthu anathyola malo osungirako achimpanzi otchedwa JACK usiku, n'kuba ana atatu, kenako n'kutumiza uthenga wofuna dipo ngati agwira mwana wa munthu wachuma.

Tsono tiyeni tilowe m'tsiku lawo.

Ku Chimfunshi achimpanzi ambiri sagona m'makola. Amakhala m'magulu, gulu lililonse ndi nkhalango yake yotchingidwa ndi waya wamagetsi. Mpanda waung'ono ndi wa mahekitala ngati 20, waukulu umaposa 70. Mitengo yake ndi yomweyi timaidziwa kuno kwathu, mombo, tsamba ndi ina ya m'tchire lotere. Kunja kukamayera, amadzuka m'zisa zawo m'mitengo, ndipo mumawamva musanawaone. Wamphongo mmodzi amayamba chapansipansi, huu, huu, huu, mpweya ukulowa ndi kutuluka, kenako mawu aja amafupikira, akukwera, akukwera, mpaka kuphulika n'kukhala kukuwa kobaya m'makutu. Pomaliza amalumphira tsinde la mtengo n'kulimenya ndi mapazi, du du du! Anzake amalandira, a mumpanda wina amayankha. Aliyense ali ndi kafuulidwe kakekake, moti wosamalira amene wakhalitsa amatha kutchula dzina la wofuulayo ali kutali.

M'mawa wonse amabalalika kukasaka zakudya: zipatso, masamba anthete, makungwa, tizilombo. Gululo siliyenda lonse pamodzi ngati anyani. Amagawikana, atatu uku, asanu uko, mayi ndi ana ake payekha, ndipo akakumananso amapatsana moni. M'nkhalangomo muli maye, ena timati mateme, zipatso zolimba chigoba zija za mwambi wa chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Ofufuza anawaonetsetsa akuswa mayewa ndipo anapeza kuti njira si imodzi. Wina amaluma ndi mano, wina amamenyetsa pamtengo kapena pachinthu cholimba, ndipo njira imene yatchuka m'gulu lino si imene yatchuka m'gulu la kuseri kwa waya. Musunge mfundo imeneyi, tibwereranso.

Nthawi yomweyo antchito amakhala akuzungulira mpanda. Ntchito imeneyi sajomba, chifukwa nthambi ikangogwera pawaya kapena magetsi akafooka, achimpanzi amadziwa msanga. Alipo ena odziwika ndi kuthawa, amene amakoka chipika n'kuchitsamiritsa pampanda kuti chikhale makwerero. Ndipo chimpanzi wamkulu akatuluka si nkhani yoseka. Mu 2006, ku Tacugama m'dziko la Sierra Leone, gulu linathawa motsogozedwa ndi mphongo yotchedwa Bruno, ndipo munthu mmodzi, dalaivala, anaphedwa. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti tikukamba za tiana tokongola ta pa kanema tija tovala matewera. Ka zaka ziwiri n'kokongoladi. Kakafika zaka 8, mwini wake uja amayamba kukaopa, n'kukatsekera m'chikwere kapena kukamanga unyolo, ndipo ndi pomwe mafoni amayamba kulira kumalo ngati Chimfunshi.

Cha m'ma 11:30 antchito amaitana, achimpanzi n'kutuluka m'tchire kubwera kunyumba zodyera. Nkhalango ya mumpanda singakwanitse kudyetsa pakamwa ponsepo, choncho amawaonjezera zipatso, ndiwo zamasamba, mbatata, ndiponso, mverani bwino, nsima youmbidwa mobulungira. Inde, nsima ya ufa wa chimanga. Phokoso la nthawi imeneyi silineneka. Akaona chakudya chokoma amalira mosisima chapakhosi, a, a, a, kukamwa kuli tho. Kwa wosamalira, imeneyi ndiyo nthawi yoyendera odwala. Amawerenga ngati onse abwera, amayang'ana amene akutsimphina, amene ali ndi bala latsopano, amene akukhosomola. Chifuwa ndicho amachiopa kwambiri. Chimfine chimene inu ndi ine timangochimwera mandimu chimatha kugwetsa chimpanzi ndi chibayo, n'chifukwa chake wantchito wodwala amauzidwa kuti asayandikire.

Pachakudya ndi pomwenso ndale za gululo zimaonekera poyera. Gulu lililonse limakhala ndi mphongo yolamulira. Wamng'ono akamaiyandikira amadzichepetsa, kuwerama, kutulutsa kamawu kobwerezabwereza kaulemu, nthawi zina kutambasula dzanja. Mphongoyo ikafuna kukumbutsa anthu ake, pepani, achimpanzi ake, kuti mwini mudzi ndani, imaimika ubweya n'kuoneka ngati yakula kawiri, kuthamanga ikukoka nthambi, kugenda miyala, aliyense n'kuthawira m'mwamba. Koma ufumu wa zibakera zokha sukhalitsa. Mphongo ziwiri zapakati zikagwirizana zimagwetsa yamphamvu, ndipo amayi akuluakulu akaikana mfumu, masiku ake amakhala owerengeka. Ndewu ikatha, nkhani sithera pomwepo. Pakapita mphindi zingapo mumaona womenyedwa uja akubwerera mwamantha, womenyayo n'kumugwira, kumukumbatira, mwina kumupsompsona. Katswiri wa ku Netherlands, Frans de Waal, analemba za kuyanjananso kumeneku mu 1979 ataona achimpanzi a ku Arnhem m'dziko lakelo. Ndikuchenjezeniko chimodzi: chimpanzi akaonetsa mano onse mbee, sakumwetulira, ali ndi mantha. Kuseka kwake n'kwina, kopuma mofulumira ngati wathamanga, ndipo kumamveka akamagirigishana. Marina Davila-Ross wa ku yunivesite ya Portsmouth anajambula kuseka kumeneku ku Chimfunshi komweko, n'kupeza kuti chimpanzi amatha kuseka pongoyankha kuseka kwa mnzake.

Dzuwa likafika paliwombo, zonse zimazizira. Ena amagona chagada mumthunzi mwendo uli pabondo, ana akugwetsana. Akuluakulu amakhala awiriawiri kapena atatuatatu n'kumapendana ubweya: chala chikupatula, maso ali pafupi, milomo ikuchita phwaphwaphwa, kuchotsa kankhupakupa apa, kankhanambo apo. Amene anakhalapo pakhonde masana amayi akulukana tsitsi akudziwa kuti nkhani yaikulu pamenepo simakhala tsitsilo. N'chimodzimodzi apa. Amene wapenda mnzake lero ndi amene adzathandizidwe pandewu mawa.

Pakupendanaku pali mwambo wina wochititsa chidwi. Awiri amakhala moyang'anizana, aliyense n'kukweza dzanja limodzi m'mwamba, manjawo n'kugwirana pamwamba pa mitu, uku dzanja linalo likupenda kukhwapa kwa mnzake. William McGrew ndi Caroline Tutin analemba za mwambowu mu 1978 atauona kumapiri a Mahale ku Tanzania, ndipo chinawadabwitsa n'chakuti ku Gombe, m'mbali mwa nyanja yomweyo ya Tanganyika, kumene Jane Goodall anayamba ntchito yake mu 1960, achimpanzi sachita zimenezi. Pamenepo munthu akanatha kunena kuti mwina n'kusiyana kwa magazi, kapena kwa nkhalango. Ku Chimfunshi chifukwa chimenecho chimagwa. Magulu ake sanapangidwe potengera mtundu kapena kochokera, anangoikidwa pamodzi malinga ndi nthawi yomwe anafikira, ndipo onse amakhala m'nkhalango imodzi yongodulidwa ndi waya. Komabe kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti mwa magulu anayi, awiri amakweza manja, awiri ayi. Ngakhale awiri okwezawo amasiyana kagwiridwe: kwina kwafala kugwirana zikhatho, kwina amagundanitsanso mfundo za pamkono. Atabwereza kuona kwa zaka zoposa 10, kusiyanako kunali kudakalipo, ana akutengera akuluakulu.

Apa ndiye pali mtima wa nkhani yathu. Nyama zimenezi zinachotsedwa kwawo zili makanda, zisanaphunzire zambiri kwa amayi awo, ina kuchokera uku, ina uko. Zitaikidwa pamodzi, zinapanga midzi, ndipo mudzi uliwonse unayamba kukhala ndi zakezake.

Mu 2010, wofufuza wina wa ku Netherlands, Edwin van Leeuwen, anaona chimpanzi wamkazi dzina lake Julie akuchita chinthu chosamveka. Anathyola kaudzu kouma kolimba, n'kukalowetsa kukhutu, mbali ina ili panja, basi n'kumapitiriza zake. Kupenda anzake, kaudzu kali kukhutu. Kusewera, kali pomwepo. Kupuma, kali pomwepo. Sikuti khutu linkamuyabwa kapena linali ndi matenda. Kaudzuko sikankamupatsa chakudya, sikankamuteteza ku chilichonse. Posakhalitsa mwana wake Jack anayamba kuchita zomwezo, kenako anzake amene ankakhala naye pafupi kwambiri, Kathy, Miracle ndi Val. Pamapeto pake achimpanzi 8 mwa 12 a gululo ankavala kaudzu. Julie atamwalira, ena anapitirizabe. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2014, ndipo zinamveka dziko lonse, chifukwa asayansi ankadziwa kale kuti achimpanzi amaphunzitsana zothandiza, monga kuwedza chiswe ndi kamtengo kapena kuswa mtedza ndi mwala. Koma kutengerana chinthu chopanda phindu, chongosonyeza kuti ine ndi wa gulu ili, ambiri ankati ndi khalidwe la anthu okha. Fashoni, tingotero.

Nkhaniyi ili ndi mchira wake. Mu 2023, m'gulu lina losiyana ndi la Julie, mphongo yotchedwa Juma inayambitsanso kaudzu kukhutu, anzake n'kutengera m'masiku ochepa. Kenako Juma anaonjezera luso: anayamba kuikanso kaudzu kumbuyo, kumalo kumene pa wailesi sitingakutchule, kakulendewera, ndipo anzake anatengeranso chimenecho. Ofufuza atafunsafunsa, anapeza kuti antchito osamalira magulu awiriwa ankakonda kutokosa m'khutu ndi kaudzu kapena kamtengo ka machesi, pomwe osamalira magulu ena sankatero. Ndiye n'kutheka kuti za kukhutuzo anaonera munthu.  Ife tisaseke kwambiri, paja anyani amasekana zikundu, ndipo zimene tavalapo ife pongoona anzathu, tikanazifotokoza kwa chimpanzi sakanatimvetsa.

Wina anena kuti zonsezi ndi masewera chabe. Imvani ichi. Gulu la ofufuza lomweli linaika bokosi m'mipanda iwiri, momwe munali achimpanzi 66. M'bokosimo munali mtedza. Kuti mtedza utuluke, pankafunika kukatola kampira kathabwa, kukoka kadirowa n'kukagwira kuti kasabwerere, kuikamo kampirako, n'kukankha. Kwa miyezi itatu anachiyesa, kuchigwedeza, kuchiluma, kuchimenya, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatulukira njira. Kenako ofufuza anatenga wamkazi mmodzi m'gulu lililonse n'kumuphunzitsa payekha. Atabwerera n'kuyamba kudya mtedza pamaso pa anzake, ena 14 anaphunzira, ndipo amene anaonerera kambiri ndi amene ankaphunzira. Izi zinatuluka mu 2024. Nzeru zinalipo, chinkasowa ndi woti amuonere.

Mukamvetsa zimenezi, mumvetsanso kukula kwa chimene wozembetsa nyama amalanda khanda lija. M'tchire mwana wa chimpanzi amakhala m'mimba miyezi pafupifupi 8. Akabadwa amakangamira pamimba pa mayi wake, kenako pamsana, ndipo amayamwa mpaka zaka 4 kapena 5, akugona m'chisa chimodzi ndi mayiyo. Zaka zonsezo ndi sukulu. Ndiye taganizani wa chaka chimodzi atamangidwa chingwe m'chiuno kuseri kwa nyumba. Osamalira amawadziwa ana otere akangowaona: amakhala pakona atadzikumbatira okha, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo osaleka, ena akudzizula ubweya. Mankhwala oyamba ndi thupi la wina. M'malo ambiri osungirako achimpanzi mumakhala wantchito amene udindo wake ndi kukhala mayi, kumubereka, kugona naye, kudzuka usiku kukonza botolo, mwanayo ali kwayekha kufikira madokotala atatsimikiza kuti alibe TB kapena matenda ena. Akatero amayamba kumuzoloweretsa kwa anzake, poyamba kudzera pawaya, kenako mmodzimmodzi.

Komabe pali zina munthu sangaphunzitse, ngakhale atadzipereka chotani. Ku Chimfunshi anayerekeza kaseweredwe ka ana amasiye ndi ka ana oleredwa ndi amayi awo. Amasiyewo ankakonda kusewera, kuposanso anzawo, koma masewera awo ankatha msanga ndipo kawirikawiri ankathera m'ndewu. Sankadziwa polekezera, sankadziwa kuti kuluma uku kwapweteka. Mayi akanakhalapo akanalowererapo masewera asanafike poipa, ndipo mwana akanaphunzira malire.

Ena amafika ali akuluakulu kale. Milla anagwidwa ali khanda ku Cameroon, n'kukathera pa bala ku Arusha m'dziko la Tanzania, kumene makasitomala ankamupatsa mowa ndi fodya kuti aziseka. Jane Goodall, amene anamwalira mu October 2025 ali ndi zaka 91, ndiye anamubweretsa ku Chimfunshi mu 1990, atakhala zaka zambiri osaonapo chimpanzi mnzake. Toto anakhala zaka zoposa 20 ndi gulu la zisudzo ku Chile, ku South America, akumusutitsa fodya pamaso pa anthu, mpaka bungwe la Animal Defenders International linamulanditsa n'kumubweretsa mu 2003. Nyama zotere zimadziwa kugwira kapu, kuyatsa ndudu, kupempha, koma moni wa achimpanzi siziudziwa. Makolo athu anati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Zikuoneka kuti ngakhale kanyamako, kakakhala kokha, sikakwanira kukhala kanyama ka mtundu wake. Toto anapeza mpumulo wake pakati pa ana amasiye, amene anawalandira n'kumakhala nawo ngati gogo wawo mpaka imfa yake.

Dzuwa likapendeka, aliyense amasankha mtengo. Amakhala pamphanda, kukoka nthambi zazikulu n'kuzipinda pansi pa mapazi, kulukirapo zing'onozing'ono, masamba pamwamba, n'kudziyesa ngati pakhala bwino. Mphindi zochepa chisa chatha, ndipo mawa adzamanga china. Ana amayeserera masana, timisasa topindika tosagoneka, kwa zaka, mpaka dzanja litazolowera.

Pali mbali ina ya moyo wa gulu imene m'tchire imavuta kuiona, koma mumpanda inajambulidwa pa kanema. Mu 2010, mwana wa Masya, chimpanzi wamkazi, anamwalira ali ndi miyezi 16. Masya ananyamula mtembowo kupitirira tsiku lathunthu. Kenako anaugoneka pansi pamtetete, n'kusunthira chapatali pang'ono, maso ali pomwepo. Anabwerera, n'kuika zala pankhope ndi pakhosi pa mwanayo, n'kuzisiya pomwepo kwa kanthawi. Anachokanso, n'kubweranso, kangapo konse. Pambuyo pake anaunyamula n'kupita nawo kwa anzake, n'kumaonerera iwo akuuyang'ana. Tsiku lotsatira anali atausiya. Katherine Cronin ndi anzake ndiwo analemba zimenezi.

Imfa ina inali ya Thomas, mphongo ya zaka 9 imene inafa ndi matenda a m'mapapo m'gulu la achimpanzi oposa 40. Thomas anali wochezeka, woyenda ndi aliyense. Mtembo wake utapezeka pafupi ndi waya, anzake anayamba kubwera, mpaka anakwana pafupifupi theka la gululo. Kumbukirani phokoso lija ndanena. Nyama zimenezi zikaunjikana malo amodzi, kawirikawiri pamabuka mkangano. Apa zinakhala pansi mozungulira, zambiri zili chete. Mphongo ina yaikulu, Pan, imene inkagwirizana kwambiri ndi Thomas, inkabwerabwera pamtembopo n'kumaingitsa ana ofuna kuuseweretsa. Antchito anabweretsa chakudya chokoma kuti gululo lichoke atenge mtembo, ndipo ambiri anapitadi. Noel sanapite. Noel ndi wamkazi amene anatenga Thomas n'kumulera mayi wake atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Anathyola kaudzu kolimba, n'kukhala pafupi ndi mutu, n'kutsegula kukamwa kwa Thomas ndi dzanja, n'kuyamba kumutokosa m'mano mosamala, mwana wake wamkazi Nina ali pambali akuonerera.

Asayansi amasamala polankhula za izi, ndipo akuchita bwino. Kunena kuti anali maliro ngati athu n'kuthamanga. Koma naye amene angaonere Noel akusiya chakudya kuti atsuke mano a mwana womulera n'kunena kuti palibe chikuchitika m'mutumo, ameneyo akudzinamiza dala.

Ndikudziwa kuti wina pakhonde paja wayamba kale kung'ung'udza: anthu akugona ndi njala, inu mukuumbira nyama nsima? Funso limeneli ndi lachilungamo ndipo sindilinyoza. Ndiyankha mbali imene ndingathe. Ndalama zoyendetsera malowa zambiri zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino akunja ndi kwa alendo odzaona, chakudya chambiri chimagulidwa kwa alimi ozungulira, anthu a m'deralo ndiwo amalembedwa ntchito, ndipo pamalopo pali sukulu ya ana. Chachiwiri n'chokhudza lamulo. Wapolisi pamalire akagwira munthu ndi khanda la chimpanzi, alipititse kuti? Ngati kulibe kolisunga, amangoyang'ana kumbali, malonda n'kumapitirira. Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chake: Lilongwe Wildlife Centre imalandira ana a anyani ndi apusi olandidwa kwa ogulitsa m'mbali mwa misewu ndi kwa owasunga pachingwe pakhomo. Malo amenewa, limodzi ndi Chimfunshi, Tacugama, Ngamba Island ya pa nyanja ya Victoria ku Uganda ndi Tchimpounga ya ku Congo, ali m'bungwe limodzi la Pan African Sanctuary Alliance, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000.

Kusiyana kwake n'kwakuti apusi ndi anyani a ku Lilongwe ambiri amakonzedwa m'magulu n'kukatayidwa kutchire, monga ku Kasungu. Achimpanzi a ku Chimfunshi alibe ulendo umenewo. Zambia si kwawo. Ambiri sizidziwika kuti anachokera nkhalango iti, ndipo mitundu yawo, yomwe ilipo inayi mu Africa, inasakanikirana mumpanda. Anthu sawaopanso, choncho atawasiya pafupi ndi mudzi angalowe m'minda ndi m'makhitchini, mapeto ake ndi mfuti. Angatengerenso matenda athu kwa anzawo a m'tchire. Ndipo achimpanzi a m'tchire amalondera malire awo mwankhanza, mphongo yachilendo akaipeza amaipha. Kubwezera kutchire kunayesedwa, ku Conkouati m'dziko la Congo kuyambira mu 1996 ndi ku Haut Niger m'dziko la Guinea mu 2008, ndipo ena anakhazikika n'kubereka. Koma ntchitoyo imadya ndalama zambiri, imafuna kuwatsatira kwa zaka, ndiponso nkhalango yopanda eni, yomwe ikusowa chaka ndi chaka.

Choncho mpanda ndiwo kwawo mpaka imfa, ndipo imfayo sifulumira. Chimpanzi wosamalidwa bwino amafika zaka 50, ena kupitirira. Ambiri a amene ali ku Chimfunshi lero anabadwira momwemo, ndi ana komanso zidzukulu za amasiye oyamba aja, ndipo nkhalango ya Congo sanaionepo. Apa oyendetsa malo otere amakhala pamphanda. Ana amabweretsa moyo m'gulu, amachepetsa kunyong'onyeka, ndipo ndi amene amalandira miyambo ija. Koma mwana aliyense wobadwira mumpanda amatenga malo a wina amene ali m'bokosi pamalire. N'chifukwa chake malo ambiri masiku ano amaika akazi pa njira zolera, kampira ka pansi pa khungu konga kamene amayi amalandira kuchipatala, ngakhale kuti pena kamalephera, mwana n'kubadwa ndithu. Khanda lolandidwa chaka chino lidzafunabe nsima yake, waya wake ndi dokotala wake wantchito amene akulibereka lero atapuma kale pantchito, ndipo bajeti ya malowa iyenera kuwerengera zaka zonsezo.